Anyanja Opanda Nyanja

Tsiku lina Loweruka, mwezi wa February, ndinapita ku Kanyama kukazonda mnzanga wa ku ofesi amene anali kudwala malungo. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo njira za m'komboni zinasanduka mitsinje. Ndinabvula nsapato, ndi kupinda buluku kufikira m'maondo, ndi kuyamba kuponda pa miyala ndi njerwa zimene eni nyumba adaika m'madzimo. Pafupi ndi dzenje lina lalikulu, mmene kale anthu anali kuphwanyamo miyala, ndinapeza anyamata anai ang'onoang'ono atakwera pa citseko ca firiji yakutha, alikupalasa ndi zidutswa za matabwa. Ndinawadzudzula, pakuti maenje otere amamiza ana. Koma mmodzi wa iwo, wa maso ocenjera, anandiyankha nati, "Amalume, iyi ni boti yathu." Ndinamfunsa ngati anauonapo bwato weniweni wosema. Iye anayang'ana anzace, nafunsa, "Bwato ni cani?"

Funso limenelo linandikhala pamtima masiku ambiri. Cinenero cimene mwanayo anandiyankha naco cimachedwa Cinyanja, ndiko kunena kuti cinenero ca anthu a ku nyanja. Eni ace oyamba a dzinali anali a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, anthu amene mwana wao anali kudziwa nkhafi pamodzi ndi khasu. Cinafika kuno ku Lusaka m'kamwa mwa apolisi, asilikali, akalaliki ndi anchito a m'nyumba ocokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland, ndipo lero ndico cimveka m'misika ya ku Matero, Chawama, Mtendere, George ndi Kalingalinga. Koma mzinda umene cinakhazikikamo ulibe nyanja, ulibe ngakhale mtsinje woyenera dzinalo. Lusaka anayamba m'caka ca 1905 ngati poima sitima ya pamtunda, pa dziko lokwera la miyala ya laimu, nakhala likulu la dziko mu 1935. Timitsinje tace, Ngwerere ndi Chunga, si toti munthu angatiyendere ndi combo. Mtsinje weniweni wapafupi ndiwo Kafue, makilomita oposa 40 kumwera. Tsono ife ndife Anyanja opanda nyanja. Madzi amatiyendera pa dzinja pokha, ndipo akadza amadza ngati mdani, monga anacitira mu 1978 pamene nyumba zambiri za ku Kanyama zinagwa, anthu ena nafa.

Ndalemba nkhani iyi cifukwa ca inu anyamata ndi asungwana amene mwangotsiriza sukulu, makamaka inu obadwira m'komboni. Mwaphunzira za zombo za Vasco da Gama ndi za njanji ya Cecil Rhodes, ndipo nkwabwino kuzidziwa. Koma za combo ca makolo anu mabuku amangonena mau awiri kapena atatu. Komatu bwato sunatisiye. Pitani ku msika wa Soweto m'mamawa, mukaone madengu a nsomba zouma za ku Mongu, za ku Kafue, za ku Bangweulu ndi za pa mlatho wa Luangwa. Zambiri za nsombazo zinayamba ulendo wao m'mimba mwa mtengo wosema, zisanakwere lole. Munthu wa ku Matero amene sanaupenye bwato cibadwire amadyera nsima yace ndiwo zimene bwato unamtengera.

Bwato ndi wakale kopambana gudumu, wakale kopambana khasu lacitsulo. M'caka ca 1987 mbusa wina wa mtundu wa Afulani anali kukumba citsime pa mudzi wa Dufuna, kumpoto ca kum'mawa kwa Nigeria, ndipo anagunda mtengo wolimba pansi pa nthaka. Akatswiri a ku Maiduguri ndi a ku Frankfurt ataufukula mu 1994, anapeza kuti ndi bwato wa mamita 8 ndi kanthu, wosemedwa zaka ngati 8,000 zapitazo. Ndiwo wakale kopambana mabwato onse amene anapezeka mu Africa, ungakhale ulipo wina wakale koposa umene unafukulidwa ku Pesse, m'dziko la Holland, mu 1955. Cimene cinandikondweretsa ine powerenga za bwato wa ku Dufuna ndi cakuti mtengo wace ndi mbale wa mbawa wathu, ndiponso kuti mutu wace ndi wosongoledwa bwino, nchito ya mmisiri amene anaphunzira kwa amisiri ena. Ndiye kuti lusoli linali lakale kale tsiku limene iye anagwira nkhwangwa yace yamwala.

Kwathu kuno mtengo umaola msanga. Ciswe ndi cinyontho sizisunga mbiri. Koma zizindikiro za malonda a m'mitsinje zilipo. Mu 1960 anchito a Boma, pokumba maziko a thanki la madzi pa citunda ca Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu athira mu Zambezi, anapeza manda a anthu olemera oikidwa ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, ndi mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja yamcere. Katundu wotere anatsata cigwa ca Zambezi zaka mazana angapo zapitazo, ndipo ine sindikaika kuti mbali ina ya ulendo wace anaiyenda m'bwato.

Za kasemedwe ka bwato sindinaziwerenge m'buku. Agogo anga obala amai anali mmisiri wa mabwato m'mudzi wina wa m'mbali mwa Luangwa, kumtunda kwa Feira. Pa chuthi cina, ndili ndi zaka 12, nditabwera kucokera ku sukulu ya misyoni, ndinaona bwato wao wotsiriza kuyambira pa citsa kufikira pa dooko.

Nchito imeneyi imayamba ndi maso. Mmisiri amaudziwa mtengo wace zaka zambiri asanaudule. Amaupitira popita kukaonjola misampha, naugogoda ndi msana wa nkhwangwa kuti amve ngati uli ndi mphako. Mitengo imene agogo anali kuitama ndiyo mbawa, mtondo, ndi mlombwa umene kuno timauti mukwa, cifukwa imakhalitsa m'madzi. Nsangu ndi mvunguti ndi yofewa posema, koma bwato wace sukalamba. Mlambe, ungakhale uli waukulu cotero, ngwacabe. M'kati mwace muli ngati cinkhupule. Mtengo ukasankhidwa, mmisiri amapita kwa mwini mudzi kukapempha, pakuti mtengo waukulu suli wa munthu mmodzi. Kale anali kuthira ufa patsinde ndi kuchula maina a makolo. Agogo, pokhala Mkristu wobatizidwa, anangobvula cipewa napemphera. Komabe mwambo wina anausunga, ndiwo wakuti masiku onse a kusema anali kugona pa mphasa ya okha, ndipo agogo akazi sanali kufika pa malo a nchito. Aphunzitsi athu akadamva akadati ndi zacikunja. Ine ndiyesa kuti munthu wogwira nkhwangwa yakuthwa kuyambira mbanda kuca ayenera kugona tulo tokwanira ndi kusaceukaceuka pa nchito, ndipo makolo anali ndi njira zaozao zonenera zinthu zotere.

Mtengo utagwa, amadula thunthu pa muyeso, nalisenda makungwa, naliyang'ana mbali zonse kuti aone mbali iti idzakhala kunsi ndi iti idzakhala pakamwa. Apa ndipo pagona nzeru yaikulu, cifukwa mtengo uli wonse uli ndi kupindika kwace, ndipo bwato wosemedwa motsutsana ndi mtengo umayenda cam'mbali ngati nkhanu moyo wace wonse. Akalemba mizere ndi khala, amayamba kunja: kusongola mutu, kusalaza nthiti, kukonza pansi. Pambuyo pace amatema mipata pamwamba ndi nkhwangwa, nagamula nkhuni za pakati pa mipatayo, ndipo dzenje likazama amaika nkhwangwa pansi natenga kasemasema. Mitundu ina imaocha m'kati ndi moto kuti nchito icepe, koma agogo anali kuunyoza moto, amati umabisa ming'alu. Poyesa kucindikala kwa nthiti analibe rula. Anali kuika dzanja limodzi m'kati ndi lina kunja, nagogoda ndi cala, namvetsera. Pansi anali kusiya pocindikala, kuti kulemera kwa bwato kukhale kunsi, ndi kuti upirire miyala ndi mcenga. Kuphonya kamodzi kokha ndi kasemasema kungathe kuboola nchito ya mwezi wathunthu, cifukwa cace masiku otsiriza mmisiri amasema pang'onopang'ono, nacotsa tizidutswa topyapyala ngati tsamba. Ine, pokhala mwana, ndinatopa ndi kudikira, ndipo ndinawafunsa cifukwa ninji alikucedwa cotero. Anangoti, "Mdzukulu wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tsiku lokokera bwato ku madzi linali la phwando. Mutu umodzi susenza denga: agogo akazi anafulula mowa ndi thobwa, amuna a midzi iwiri anadza ndi zingwe za luzi, naika mitengo yobulungira pansi, nakoka ndi nyimbo, wina alikutsogolera ena alikubvomera. Koma pofika pa dooko onse anakhala cete. Bwato watsopano ukalowa m'madzi umaulula mmisiri wace pamaso pa anthu, ndipo ukapendama palibe mau obisira manyazi. Wa agogo unakhazikika ngati bakha, akazi naimba nthungululu.

Kusema ndi luso lina, kupalasa ndi linanso. Wokhala kumbuyo ndiye mwini ulendo, pakuti nkhafi yace ndiyo iongolera. Iye amawerenga madzi monga inu muwerenga nyuzipepala: pamene acita makwinya pali mtengo womira, pamene ayera pali mcenga, ndipo pa dziwe la mvuu amatsata gombe, nagogoda bwato kuti nyamazo zidzionetse. Pa madzi osaya amaika nkhafi pansi nakankha ndi nsungwi yaitali. Nchito ya wokwera ndiyo kukhala pansi, kusagwedezeka, ndi kukapa madzi akauzidwa. Osaka nyama ndi apaulendo, posowa bwato, anali kusenda khungwa lathunthu la mombo, nalifewetsa pa moto, napinda nsonga zace ndi kuzisoka ndi luzi, naika timitengo topingasa m'kati. Tsiku limodzi combo catha. Sicinali kukhalitsa, koma cinali kuolotsa munthu ndi nyama yace.

Madzi ali onse anabala bwato waowao. Wa ku nyanja ya Malawi ndi wonenepa mimba, milomo yace yopindikira m'kati, pakamwa pace popapatiza, kuti mafunde asalowe. Nyanja imeneyo ndi ya makilomita oposa 560 m'litali ndi mamita ngati 700 pozama pace, ndipo mwera ukauka m'miyezi yozizira umautsa mafunde onga a nyanja yamcere. Pa 30 July 1946 mphepo yotere inamiza Vipya, sitima yacitsulo yatsopano, pamodzi ndi anthu 145. Pa nyanja yomweyo asodzi a ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Nkhotakota amapita usiku ndi nyali kukakoka usipa, atakwera pa mitengo yosema. Bwato wa Alozi ndi wa Abatwa a ku Kafue ndi wina: wautali, woonda, woyenera madzi a m'zigwa zosefukira ndi m'mabango. Iwo amaupalasa ciimire ndi nkhafi zazitali, pamene ife a kumtunda timanjenjemera ngakhale titakhala pansi.

Tsopano tibwere ku mbiri imene ikhudza ife a kum'mawa. Pamene Luangwa athira mu Zambezi pakomana maiko atatu: Zambia pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira, Mozambique pa Zumbo, ndi Zimbabwe pa Kanyemba. Liu lakuti Feira m'Cipwitikizi ndilo msika. Amalonda a ku Tete, ena a iwo ocokera ku Goa, anakhazika msika pa Zumbo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700, kugula golide, minyanga ndi mkuwa. Msika umenewo sukadakhalapo popanda opalasa. Nsalu, mikanda ndi mfuti zinali kukwera mtsinje kucokera ku Quelimane, kudzera ku Sena ndi ku Tete, m'mabwato akuluakulu. Pa mathithi a Cahora Bassa katundu anali kutsika, nasenzedwa pamutu kufikira ku Chicoa, nakweranso m'mabwato ena. Kutsika ndi madzi kunali kosabvuta kwambiri, koma kukwera kunali kwa masabata ambiri, kukankha ndi mitengo m'mbali mwa gombe, dzuwa la m'cigwa lili pa liombo.

Opalasa ochuka a njira imeneyi anali Acikunda. Iwo poyamba anali akapolo ankhondo a eni minda yaikulu ya Apwitikizi yochedwa prazo, ndipo anatengedwa ku mitundu yambiri: Acewa, Amang'anja, Ansenga, Asena ndi ena. Minda ija itapasuka m'zaka za m'ma 1800, ambiri anadzimasula, nakhala osaka njobvu, amtengatenga ndi opalasa olipidwa, nadzipangira mtundu ndi cinenero cao. Anali kuudziwa mtsinje monga mlimi adziwa munda wace, ndipo anali kunyada nayo nchito yao, napeputsa khasu.

Mu November 1835 Zwangendaba anafika ndi Angoni ace pa gombe la kumwera kwa Zambezi, pafupi ndi Zumbo, naoloka tsiku la kadamsana, pamene dzuwa linada masana. Angoni anali akatswiri a nthungo ndi cikopa, koma madzi akulu sanali kuwadziwa. Nkhalamba zimasimba mosiyana za kaolokedwe kao. Ena amati Zwangendaba anamenya madzi ndi ndodo nagawika. Ena amati anthu anagwirana nayenda m'madzi pa malo osaya. Enanso amati mfumu ndi akuluakulu anaolotsedwa m'mabwato a eni dooko. Ine ndinauona Zambezi ndi maso anga pa malo amenewo, ndipo ndikhulupirira otsirizawa. Ngati kuli tero, ufumu wa Mpezeni ndi wa M'mbelwa, pamodzi ndi Ncwala imene imabvinidwa ku Mtenguleni caka ndi caka, zinadzera m'mimba mwa bwato. Mnzanga Mngoni wa ku ofesi sakondwa ndikanena zimenezi, koma sananditsutse ndi umboni.

Zaka 20 zitapita, mu January 1856, David Livingstone anafika pa mathiriro omwewo ndi anthu oposa 100 ocokera kwa Akololo. Anapeza msika uja uli bwinja, chalichi citagumuka, belu losweka lili pansi. Anthu a mfumu Mburuma anamkaikira, nambwereka bwato umodzi wokha, angakhale ena analipo. Iye anaolotsa katundu, ng'ombe ndi anthu pang'onopang'ono, nakhala wotsiriza kukwera, alikusangalatsa amuna onyamula zida powaonetsa wochi yace ndi galasi loyatsira moto. Mu 1860, pobwerera ku Tete, anayesa kutsika Cahora Bassa m'mabwato, ndipo wa Dr John Kirk unagubuduka pa thanthwe, zolemba ndi zojambula zace nizipita ndi madzi. Ngakhale mu 1873, masabata ocepa asanamwalire kwa Chitambo, Livingstone anali kukangana ndi mfumu Matipa ya ku Bangweulu pa nkhani ya mabwato. Mabuku akale a sukulu amati iye anatulukira mitsinje ndi nyanja. Ine ndikawerenga maulendo ace ndimaona kawirikawiri munthu woima pa dooko, kudikira mwini bwato.

Koma tisadzinamize, anzanga. Bwato womwewo unanyamulanso anthu omangidwa. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 kunabuka akazembe awiri oopsa ku Zumbo, José do Rosário Andrade wochedwa Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo wochedwa Matakenya. Magulu ao a Acikunda anasakaza midzi ya Ansenga, nafika mpaka kwa Asoli ndi Alenje, eni dziko limene Lusaka wamangidwapo, kufuna minyanga ndi akapolo. Ku nyanja nako Jumbe wa ku Nkhotakota anali kuolotsa akapolo m'zombo za matanga, kuwaperekeza ku njira ya ku Kilwa. Agogo anga anali kusimba monyada kuti agogo ao anapalasa mpaka ku Tete. Sanandiuze cimene cinali m'bwatomo, ndipo ine sindinafunse. Akadakhala ndi moyo lero ndikadafunsa.

Ulemu waukulu wa bwato uli kwa Alozi. Dzinja likamatha, Zambezi atadzaza cigwa cao, ng'oma zachifumu zochedwa maoma zimaitana opalasa, ndipo Litunga amasamuka ku Lealui kupita ku Limulunga pamtunda, mu Nalikwanda, combo ca mizere yakuda ndi yoyera, ca cifanizo ca njobvu pamwamba. Ndiwo mwambo wa Kuomboka, ndiko kunena kutuluka m'madzi. Nalikwanda ndi wa matabwa, koma kumbuyo kwace kumatsata khamu la mabwato osema. Ndiponso pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 Boma la Angerezi, posowa njira yotumizira cakudya ndi zipolopolo kwa asilikali a ku malire a German East Africa, linatembenukira kwa Aunga ndi anzao a ku Bangweulu. Katundu anali kutsika sitima ku Ndola, nasenzedwa kufikira ku Kabunda pa Luapula, ndipo mabwato mazanamazana anali kumpititsa m'madambo kukafika kufupi ndi Kasama. Akazembe a nkhondoyo timawadziwa maina, koma opalasa anangowerengedwa.

Cimene cinatsitsa bwato pa mpando wace ndico mlatho. Wa pa Victoria Falls unatha mu 1905, wa njanji pa Kafue mu 1906, woyamba wa pa Luangwa m'zaka za m'ma 1930, wa ku Chirundu mu 1939. Mseu wa Mongu mpaka Kalabo unatsegulidwa mu 2016, mlatho wa Kazungula mu 2021. Mlatho uli wonse unapha dooko lace. Kenaka kunadza madamu. Kariba anatha mu 1959, nasamutsa Atonga ngati 57,000, nasiya nyanja ya mafunde imene bwato wa mumtsinje sunaizolowere. Kapenta amene anathiridwamo mu 1967 kucokera ku Tanganyika amagwidwa ndi zombo zacitsulo za injini. Cahora Bassa mu 1974 anamiza mathithi aja amene anagonjetsa Livingstone. Pa Kafue, madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi, omangidwa m'zaka za m'ma 1970, anasintha nyengo ya cigumula imene asodzi anali kuidziwa. Sindinyoza milatho. Mai amene anaolokapo Luangwa wodzaza, mwana wodwala ali kumbuyo, sangandilole kuinyoza.

Koma cimene cilikupha luso lenilenilo ndico kutha kwa mitengo, ndipo apa ife a m'tauni tili nao mlandu. Imani pa mseu wa Great East madzulo, muwerenge malole a makala olowa mumzinda. Pitani ku msika wa Buseko, mukaone mukwa umene ukadakhala bwato uli wocekedwa matabwa, kudikira kukasanduka citseko kwa akalipentala a ku Kalingalinga. Mtengo woyenera bwato waukulu umafuna zaka zocuruka kopambana za munthu amene anauona uli mphukira. Lamulo la nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula mtengo wotere akhale ndi cilolezo, ndipo ndi lamulo labwino. Koma wa malonda a matabwa ndiye adziwa khomo la ofesi, pamene nkhalamba ya kumudzi yofuna mtengo umodzi pa zaka khumi siidziwa poyambira. Ku nyanja ya Malawi amisiri alikusema ngakhale mango ndi bulugama. Cifukwa cace mabwato ambiri a masiku ano ndi ang'ono, okhota, a zigamba za malata ndi phula. Bwato wotere ukadzaza anthu opita ku maliro kapena ku msika, tsoka silicedwa, ndipo dzinja lili lonse timamva pa wailesi za anthu omira.

Ena amati bwato wosema uleke, asodzi agule maboti a matabwa kapena a fibreglass, mitengo ipulumuke. Ku Okavango, m'dziko la Botswana, onyamula alendo ambiri anatero kale. Maboti amenewo ndi abwino, ndipo pa madzi a mafunde ndi okhulupirika koposa. Koma mtengo wace msodzi wamba sautha, ndipo injini imamwa petulo ngakhale tsiku limene ukonde wabwera wopanda kanthu. Si mmisiri wa bwato amene anatha nkhalango; iye amadula mtengo umodzi umene udzadyetsa banja zaka zambiri. Ine ndikadakonda kuona mafumu ndi a zankhalango alikupatula magombe ena obzalapo mbawa ndi mtondo, ndi sukulu za nchito zamanja zilikuitana amisiri okalamba amene atsala kuti aphunzitse, asanapite ndi nzeru zao kumanda. Inu otsiriza sukulu amene mudzalowa nchito m'maofesi amenewo, nkhaniyi idzafika pa tebulo panu.

Agogo anamwalira ine ndili ku sekondale. Nditapita kumudzi zaka zingapo pambuyo pace, ndinapeza bwato uja utang'aluka pansi, amalume ataudula pakati kuti ukhale modyera nkhumba. Kasemasema ka agogo ndinakapeza patsindwi, ndipo ndinakatenga. Kali ku Matero pansi pa bedi langa. Sindidziwa kukagwira, pakuti dzanja langa linazolowera colembera ndi cidindo.

Mwezi wa April, nyengo yoletsa kusodza itatha, ndinakwera basi ndi mwana wanga wa zaka 8 kupita ku Kafue. Pa dooko lina tinapeza msodzi wacikulire alikusoka ukonde, ndipo ndinampempha atiyendetse pang'ono m'mabango. Mwanayo anagwira milomo ya bwato ndi manja onse awiri, bwato nuyamba kugwedezeka. Mkuluyo sanakalipe. Anangoti, "Taya, mwana wanga, khala pakati," nampatsa kankhafi kakang'ono. Pobwera manja a mwanayo anali ndi matuza, ndipo m'basi monse anali kufunsa kuti mtengo wace unali waukulu bwanji, anaudula ndani, anasema masiku angati. Titafika kunyumba ndinaturutsa kasemasema kumuonetsa. Citsulo cikali cabwino, dzimbiri ndi la pamwamba pokha, koma mpini unafumbwa. Loweruka likudzali tidzapita ku Buseko kukafuna mtengo wa mpini.